Kodi asayansi amadziwa bwanji zimene namgumi wadya ndi kumene wayenda?

Wa ku Lizulu:
Akuluakulu, ndithandizeni funso limene ana a Fomu 3 afunsa. Namgumi amakhala m'nyanja zakuya ndipo amayenda makilomita masauzande. Nanga asayansi amadziwa bwanji chimene anadya chaka chatha ndi kumene anali? Buku likungoti amayeza ku labu. Amayeza chiyani kwenikweni, ndipo amatenga chiwalo chiti?

Wa ku Bembeke:
Aphunzitsi, ana muwayambire pa nsima. Kaboni alipo wopepuka, kaboni-12, ndi wolemererapo, kaboni-13. Chimanga chimasunga kaboni-13 wambiri kuposa kachewere: muyezo wa chimanga umakhala cha m'ma -12, wa kachewere cha m'ma -27. Tsitsi la munthu wodya nsima tsiku ndi tsiku likayezedwa, nsimayo imaonekera. Namguminso n'chimodzimodzi.

Anamgumi ambiri akuluakulu alibe mano. Ali ndi baleen, zinthu zonga zipeso zolendewera ku nsagwada ya m'mwamba, zosefera chakudya m'madzi. Baleen ndi keratin, ngati chikhadabo kapena nyanga ya ng'ombe. Imamera ku nkhama n'kumaperepeseka kunsonga, ndipo pamene pamera kale sipasinthanso. Ndiye kufupi ndi nkhama kuli za posachedwa, kunsonga kuli za kale. Chipeso cha namgumi wa mtundu wa bowhead chimafika mamita 4 ndipo mwa wamkulu chimakula masentimita osakwana 20 pachaka, kutanthauza kuti chimodzi chingasunge mbiri ya zaka pafupifupi 20.

Asayansi akatsuka chipesocho, amapala kafumbi pa sentimita iliyonse kapena pa awiri alionse, kutsata utali wake. Pa malo alionse amatengapo miligalamu imodzi yokha, n'kukulunga mu kachitsulo kopyapyala ka tin, kukhala kambulu kakang'ono ngati njere ya mapira. Kambuluko amakatentha pa madigiri pafupifupi 1,000, mpweya wotulukawo n'kulowa mu makina otchedwa mass spectrometer, amene amasiyanitsa wolemera ndi wopepuka.

Nayitrojeni-15, amene ndi nayitrojeni wolemererapo, ndiye amanena za chakudya, chifukwa amakwera ndi magawo 3 kapena 4 pa 1,000 nthawi iliyonse nyama ikadya inzake. Namgumi wodya nsomba amakhala pamwamba pa wodya krill, tizilombo tija tonga tinkhanu. Kaboni-13 sakwera kwambiri choncho, ntchito yake n'kuloza malo: zomera ting'onoting'ono ta m'madzi ozizira a ku Antarctica timakhala naye wochepa kusiyana ndi ta m'madzi ofunda. Mukajambula zotsatira, mzere umakwera n'kutsika, ndipo kukwera ndi kutsika kumodzi n'chaka chimodzi.

Wa ku Tsangano:
A ku Bembeke afotokoza bwino, koma aphunzitsi musauze ana kuti njirayi siinama. Imasokeretsa munthu wosasamala.

Vuto lalikulu ndi mafuta. Namgumi wamoyo amamulasa ndi kamuvi kotenga kachikopa pang'ono, ndipo chikopacho chimabwera ndi mafuta. Mafuta amakhala ndi kaboni-13 wochepa, choncho mukayeza osawachotsa, namgumi amaoneka ngati anadyera kumalo ozizira kuposa kumene anadyeradi. Chizindikiro chake n'chakuti kaboni akaposa nayitrojeni ka 3.5, mafuta alimo. Amawatsuka ndi chloroform magawo awiri, methanol gawo limodzi. Koma mankhwala omwewo amasuntha muyezo wa nayitrojeni, n'chifukwa chake odziwa ntchito amagawa kachikopako pawiri: kotsuka kayezedwe kaboni, kosatsuka kayezedwe nayitrojeni. Kusunga kwabwino n'kuumitsa mu firiji pa madigiri -20. Mankhwala osungira nawonso amasokoneza. Ndipo chikopa chimangonena za miyezi ingapo yapitayo, osati zaka.

China n'ichi. Anamgumi a humpback amabwera m'mbali mwa gombe la Mozambique ndi Madagascar cha m'ma July mpaka October kudzaswana, koma kumeneko sadya kwenikweni. Amakhalira mafuta amene ananenepa nawo ku Antarctica. Baleen imene ikumera ali ku Mozambique ikumangidwa ndi chakudya cha ku Antarctica. Kaboni ndi nayitrojeniyu amaloza kumene namgumi anadyera, osati konse kumene anasambira. Amene sakudziwa izi amalemba kuti nyamayo sinayende.

Komanso zipeso zakale za m'nyumba zosungira zinthu zakale simungangozifanizira ndi za lero. Utsi wa malasha ndi petulo wakhala ukutsitsa kaboni-13 wa mumpweya ndi m'nyanja, ndiye pamafunika kukonza manambala poyamba.

Wa pa Dedza boma:
Musaiwale phula la m'khutu. Mwa anamgumi ena limaunjikana moyo wonse, mzere woyera ndi wakuda chaka chilichonse. Mu 2007 sitima inagunda namgumi wamphongo wa mtundu wa blue whale ku California, ndipo phula lake linali lotalika masentimita 25. Powerenga mizere anapeza kuti anali wa zaka 12. Akatswiri a ku Baylor University anafalitsa zotsatira mu 2013: anaona nthawi imene testosterone, homoni ya umuna, anakwera pamene namgumiyo ankatha msinkhu, anapezamo mercury, chitsulo cha poizoni, komanso mankhwala ophera tizilombo m'mizere ya miyezi yoyambirira, amene anayamwa kwa mayi ake. Choipa chake n'chakuti phulali mungalitenge pokhapokha nyamayo itafa.

Wa ku Lizulu:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga pa nyama za kumtunda zimathekanso? Ana amvetsa msanga ndi chinthu chimene anachionapo.

Wa ku Bembeke:
Zimatheka, aphunzitsi. Ku Samburu, ku Kenya, anayeza ubweya wa kumchira kwa njovu podula tizidutswa motsatana, ndipo unaonetsa nyengo imene njovu zimasiya masamba a mitengo n'kuyamba udzu mvula ikagwa, popeza udzu wa kumalo otentha uli m'gulu la chimanga. M'kalasi ingotengani ubweya umodzi wa kumchira kwa ng'ombe, muugoneke pa rula, ana alembe okha mbali imene ili ya dzinja lapitali ndi imene yamera sabata ino.