Ma shock a kumbuyo ali ndi kopotokola, ndiwaike pati pa msewu wa East Bank?

Abale a m'gulu muno, makamaka amakaniko ndi madalaivala a kuchigwa kuno, ndigawireniko nzeru ndisanaphe galimoto.

Ndili ndi Toyota Fielder yomwe ndinaitanitsa ku Japan chaka chatha. Mwini wake wakale anaitsitsa n'kuikamo ma shock obiriwira aja a TEIN. Ndimakhala pa Nchalo, ndipo kawiri pamwezi ndimapita ku Nkhate kukapikula mpunga wokagulitsa ku Limbe. Ndikakweza matumba asanu a makilogalamu 50, kumbuyo kumakhala pansi moti pa bampu iliyonse tayala limakhula bodi, fungo la labala n'kumamveka m'kati.

Mwezi watha ndinapita kwa makaniko wina. Anatsegula buti, n'kuchotsa kapulasitiki ka m'mbali, n'kundionetsa kamutu kakang'ono pamwamba pa shock. Anakapotokola mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, amvekere, "Bwana, apa mwalimba, kwezani ngakhale matumba 10." Ndinalipira ndikumwetulira.

Koma kukhala pansi kuja sikunasinthe ngakhale pang'ono. M'malo mwake kwabwera matenda atsopano. Ndikakhota pa Thabwa kulowa msewu wa East Bank, m'malo omwe mulibe phula, galimoto ikudumpha ngati ngolo yopanda katundu. Mayi a kunyumba anachita kunena kuti ulendo wina ndidzawatsitse pa Thabwa pomwepo akwere njinga yamoto. Chomwe chandiopsa kwenikweni ndi cha Loweruka: ndikutsika phiri kuchokera ku Blantyre, ndilibe katundu, pa kona ina yokumbika kumbuyo kunataya m'mbali ngati kukufuna kupitirira kutsogolo. Sindimathamanga.

Ndiye ndipotokole kangati, molowera kuti? Kapena ma shock angotha basi?

Mayankho

Dalaivala wa Sienta, Bangula: Achimwene, gulitsani zoseweretsazo kwa anyamata a m'tauni, muike za Toyota zenizeni. Zinthu zimenezo anapangira misewu ya ku Japan, osati ya kwa Livunzu.

Makaniko, Ngabu: Bwana, mnzanga uja anasokoneza ntchito za zinthu ziwiri. Chimene chimanyamula katundu ndi sipuling'i. Shock sinyamula kanthu. M'kati mwake muli oilo amene amadutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo kamutu kaja kamangochepetsa kapena kukulitsa njira ya oiloyo. Mukalimbitsa, galimoto imatsika pang'onopang'ono, koma imakafikabe pomwe ikanafika. N'chifukwa chake matumba anu akuikhazikabe pansi.

Za kudumphazo, taganizani: tayala likagunda kabampu, sipuling'i imafinyika, ndipo imayenera kubwerera msanga kuti tayala ligwirenso pansi kabampu kena kasanafike. Shock yolimbitsitsa imaikaniza kubwerera. Pa msewu wa mizeremizere ngati malata uja, kabampu kachiwiri kamapeza sipuling'i isanatambasuke, kachitatu chimodzimodzi, mpaka galimoto imakakhala pa kalabala kotchinga kuti sipuling'i isafinyike mopitirira. Apo ndiye kuti mulibenso sipuling'i, mwakweradi ngolo. Tayala lomwe likuuluka m'mwamba siligwira msewu, ndiye kutaya munakuona pa phiri kuja. Musatsikenso phiri limenelo musanafewetse.

Wofunsa: Zikomo kwambiri akulu, apa ndayamba kumva. Nanga kuwerenga kwake kumayambira kuti? Pa kamutupo sipanalembedwe nambala iliyonse.

Makaniko, Ngabu: Ambiri a TEIN amakhala ndi masitepe 16. Kupotokola molowera kumanja, monga mmene timamangira bauti, ndi kulimbitsa. Mukafika pomwe kaima, pamenepo ndi pa ziro, polimbitsitsa, ndipo kuwerenga kumayambira pamenepo. Kenako muzibwerera kumanzere mukumvetsera "ke, ke, ke". Zimitsani injini ndi wailesi, chifukwa kaphokosoko n'kakang'ono, nthawi zina mumangokamva m'zala. Yambani ndi 10, mbali zonse ziwiri mofanana. Musapitirire 16, ndipo pa ziro paja musakakamize, kasingano ka m'katimo sikachedwa kuwonongeka. Ndi ntchito ya zala ziwiri, osati pulayala.

Mayi wa Probox, Nsanje: Ndiwonjezereko pa zomwe anena bambowa. Musamasinthe lero n'kukayesa mawa pa msewu wina, mudzangodzisokoneza. Sankhani kachigawo kamodzi komwe mumakadziwa bwino, kokhala ndi hampu ndi mabampu, muzidutsa pa liwiro lomwelo. Sinthani masitepe awiri okha nthawi imodzi, n'kulemba pa kapepala. Mukadutsa hampu, kumbuyo kuzikwera kamodzi, kutsika, n'kukhazikika. Kukamayepa kawiri katatu ngati bwato pa Shire, mwafewetsa kwambiri, bwererani kumanja. Ine anga alibe zopotokola, koma umu ndi mmene ndimadziwira kuti atha.

Dalaivala wa Sienta, Bangula: Zonsezo n'zabwino, koma kutentha kwa kuno mu Okutobala kumasungunula oilo wa mu shock kukhala madzi. Mudzapotokola mpaka zala zidzatupe.

Makaniko, Ngabu: Osati madzi achimwene, koma pang'ono mwanena zoona. Oilo akatentha amapyapyala, shock n'kufewerako, makamaka mukayenda mtunda wautali pa mabampu. Ndiye musaweruze galimoto itangodzuka m'mawa, iyende kaye mphindi 15 kapena 20.

Membala wina, Dyeratu: Palibe wafunsa za mpweya. Anyamata opopa m'mbali mwa msewu akaona matumba amangothira 45 osafunsa. Tsegulani chitseko cha dalaivala, pali kapepala komatidwa pa chipilala. A ku Japan amalemba mu kPa, ndiye mukapeza 230 ndiye kuti ndi 33 pa geji yathuyi. Tayala lolimba ngati mwala limadumpha ngakhale shock ili bwinobwino.

Wofunsa: Apa mwandigwira. Ndangoyeza pompano, kumbuyo kuli 44 ndi 46. Ndaphwetsa. Chinanso, ndisanabwerere kumanzere ndapeza kuti mbali ya dalaivala inali pa ziro koma inayo inali isanafike, ndinaipotokolanso masitepe atatu kuti iime. Ndiye kuti mwezi wonsewu ndayenda ndi miyendo yosiyana. Pano zonse zili pa 10. Nanga za kukhala pansi ndi matumba zija nditani?

Makaniko, Ngabu: Choyamba suzumirani pansi ndi tochi. Shock ikanyowa oilo mpaka m'munsi, fumbi litamatirira ngati phala, yatha, ndipo kupotokola sikungaidzutse. Zikatero musinthe zonse ziwiri, osati imodzi. Ngati zili zouma, yang'anani pomwe pakhala sipuling'i. Pa Fielder yoyendera matayala akutsogolo sipuling'i ya kumbuyo imakhala payokha, shock payokha, ndipo zotsitsa galimotozi nthawi zambiri zimabwera ndi mphete zamazinga zokwezera. Muikweze pa jeke, mutsuke mazingawo ndi bulashi chifukwa matope a dzinja amakhala atauma momwemo, n'kukweza mbali zonse mofanana, mukuyeza ndi tepi kuchokera pakati pa wilo kufika pa bodi. Koma ndisakunamizeni, mphetezo zili ndi malire. Masipuling'i otsitsira galimoto ndi aafupi. Matumba asanu ndi makilogalamu 250 kale, onjezerani inuyo ndi wokuthandizani. Mukakweza mpaka pomwe zikulola koma tayala likukhulabe, ndiye kuti achimwene a ku Bangula aja apambana mlandu: bwezeretsani masipuling'i ndi ma shock a Toyota, zonse pamodzi, osasakaniza.

Dalaivala wa Sienta, Bangula: Ndinanena ine.

Mayi wa Probox, Nsanje: Ndipo matumbawo musamawaunjike ku chitseko cha buti. Gonekani mipando, awiri muwakankhire kutsogolo.

Wofunsa: Takhuta nonse. Ndasuzumira, zonse ziwiri n'zouma, ndipo mphete zija zilipodi, zili pansi penipeni. Lachinayi ndikupita ku Nkhate, ndikayesa pa 10 popita, pobwera ndi katundu ndikaika pa 8. Akulu a ku Ngabu, sipanala yokowera mphetezo muli nayo? M'galimoto sinabweremo.