Kodi dayale yodula ija ndigule, kapena kope wamba likwanira?

Wojambula wa ku Ndirande: Abale anga, ndithandizeni nzeru. Papita nthawi ndisanajambule chithunzi chogwira mtima, ndikatenga burashi mutu umangoti zii. Mnzanga wandiuza kuti ndizilemba maganizo anga tsiku ndi tsiku. Mu shopu ina ku Chichiri ndaona dayale yachikuto cholimba, tsamba lililonse lili ndi deti komanso funso loti uyankhe. Koma mtengo wake ungagule makope a sukulu ambirimbiri. Ndigule?

Mlakatuli wa ku Bangwe: Achimwene, kulembako yambani mawa lomwe, koma dayaleyo isiyeni. Njira imeneyi anaitchukitsa ndi Julia Cameron wa ku America m'buku lake la 1992 lotchedwa The Artist's Way. Iye amati ukangodzuka uzilemba masamba atatu pamanja, chilichonse chobwera m'mutu, osakonza, osaonetsa munthu. Kaya ndi nkhawa ya lendi, kaya maloto a usiku, lembani. Zimenezi zikatuluka mpamene luso limapeza mpata. Kope la mu msika wa Limbe likwanira.

Anaphiri: Ine ndikutsutsako pang'ono. Si tonse timatha kungoyamba pa tsamba loyera. Munthu amene wauma mutu amafunika womukoka dzanja, ndipo mafunso aja ntchito yake ndi imeneyo. Komanso chinthu chimene waonongerapo ndalama suchitaya pansi pa bedi.

Aphunzitsi a ku Chilomoni: Anaphiri, mfundo ya mafunso ndaimva, koma ya ndalamayo ayi. Buku lokongola limaopsa. Umayamba kuganiza kuti muyenera kulowa mawu anzeru okhaokha, ndiye dzanja limauma kuposa kale. Ana a sukulu ndimawaona: kope latsopano amalemba mwamantha, koma kumapeto kwa kope lakale ndi kumene kumakhala zojambula zamoyo. Vuto lina ndi madeti aja. Mukadumpha sabata chifukwa cha maliro kapena matenda, masamba opanda kanthu amakuyang'anani ngati munthu amene muli naye ngongole, mapeto ake mumangosiyiratu.

Anaphiri: Za madetizo mukunena zoona aphunzitsi. Nanga mafunso aja?

Aphunzitsi a ku Chilomoni: Alembe okha mkati mwa chikuto. Ndaona chiyani pa depoti lero? Ndi mtundu uti unandikopa maso mu msika? Ndikuopa kujambula chiyani? A m'dayale zogulazo amakhala a Chingerezi, olembedwera anthu a kutali, pomwe ambirife maganizo a pansi pa mtima amabwera m'Chichewa.

Mnyamata wa gitala: Bwanji osangolemba pa foni? N'zaulere.

Mlakatuli wa ku Bangwe: Foni ndi yabwino posunga mzere umene wakubwerera uli mu minibasi. Koma m'mawa ukaigwira, WhatsApp yakupeza kale. Magetsi akathimanso batire umaisungira zina.

Wojambula wa ku Ndirande: Ndikumva. Chondivuta n'chakuti ine mawu sanditulukira msanga, ndimaganiza ndi pensulo. Mizere ya m'kope la sukulu imandisokoneza.

Mayi osoka a ku Zingwangwa: Mwanenatu mfundo yeniyeni, achimwene. Ngati pali pofunika kulipira, ndi papepala osati pachikuto. Gulani buku lojambuliramo lopanda mizere, la mapepala okhuthala oti inki isabowolere kuseri. Ine masitayelo a madiresi ndimayamba m'buku lotere, pambali n'kulemba zimene ndaona anthu atavala ku ukwati kapena ku tchalitchi. Leonardo da Vinci, wojambula wotchuka wakalekale wa ku Italy, ankachita chimodzimodzi, zojambula ndi mawu tsamba limodzi, ndipo masamba ake masauzande alipo mpaka lero. Chinanso, pezani pobisa. Nyumba zathuzi n'zodzaza, ndipo mukadziwa kuti wina awerenga simulemba zoona.

Anaphiri: Pamenepo ndagwirizana nanu amayi. Koma akalemba mwezi wathunthu n'kuona kuti akufunabe dayale ija, adzagule, si tchimo.

Wojambula wa ku Ndirande: Zikomo nonse. Loweruka ndilowa m'tauni kukafuna lopanda mizere, lokwana m'chikwama. Amayi a ku Zingwangwa, lanulo ndi la saizi yanji?

Mayi osoka a ku Zingwangwa: A5, theka la pepala wamba la A4. Musaiwale kugwira pepalalo ndi zala musanalipire.