Bilu ya mareti yabwera m'dzina la malemu bambo: kodi mtengo umenewu amaika ndani?

NaPhiri wa Zitenje

Moni nonse. Ndithandizeni nzeru, paja safunsa anadya phula.

Bambo anga anamwalira mu 2021 n'kutisiyira nyumba ku Chankhanga kuno ku Kasungu. Ndi ya njerwa zootcha, ya malata, zipinda zitatu, ndipo kuseri kuli tinyumba tiwiri ta lendi timene anamanga chaka china fodya atawakomera kumsika wa fodya wa ku Chinkhoma. Ine ndine woyamba kubadwa, ndiye akubanja anati ndizikhala pomwepo n'kumayang'anira amayi.

Lachiwiri lapitali pobwera kumsika ndinapeza amayi ali pakhonde, magalasi pamphuno, pepala m'manja, phala litazizira pambali. Bilu ya mareti, msonkho wa nyumba wa kukhonsolo. Pamwamba dzina la malemu, pansi K386,400. Ya chaka chino ndi K74,000, inayo akuti ndi ngongole yakale ndi chiwongoladzanja chake.

Usiku womwewo ndinatsitsa sutikesi ya bambo pamwamba pa kabati. Iwo sankataya pepala, ngakhale risiti ya mbewu ya chimanga. Ndinapeza malisiti a mareti atamangidwa ndi mphira mpaka 2019, yomaliza K21,500. Kenako zii, nthawi imeneyo n'kuti atayamba kudwala. Ndiye ndikudabwa: nyumba ndi yomweyo, malata achita kuwonjezera dzimbiri, koma msonkho wakwera kuposa katatu. Ndani amakhala pansi n'kunena kuti nyumba ya a Phiri ilipire mwakuti? Amatengera chiyani? Nanga ngongole ya munthu amene ali kumanda imakhala ya yani? Mlongo wanga wa ku Lilongwe akuti ndisalipire chifukwa timapereka kale ground rent, kukhala kulipira kawiri. Amayi sakugona, akuti tilandidwa nyumba.

Gogo Wamaleja

Pepani ndi zovutazo, mwana wanga. Auzeni amayi agone, nyumba salanda ndi pepala limodzi. Ine ndinagwira ntchito ya maakaunti kukhonsolo ina zaka zambiri ndisanapume, ndipo funso lanuli ndinkaliyankha pawindo pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina munthu atandiloza chala.

Choyamba, mlongo wanuyo wasokoneza zinthu ziwiri. Ground rent ndi lendi ya dothi, mumapereka kwa mwini malo amene anakupatsani lizi, kawirikawiri boma kudzera ku Unduna wa za Malo. Mareti ndi msonkho wa khonsolo, pansi pa lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998. Risiti ya uku sigwira ntchito uko.

Tsono K74,000 ija sinagwe kumwamba. Ndi manambala awiri ochulukitsana, ndipo aliyense ali ndi kwawo.

Nambala yoyamba ndi mtengo wa nyumba yanu. Akatswiri oyesa mitengo ya nyumba amayenda poloti ndi poloti, kuona kukula kwa malo, kumene ali, ndi zimene zamangidwapo, n'kulemba m'kaundula wotchedwa valuation roll. Lamulo limati kaundula wamkuluyu azipangidwa pa zaka zisanu zilizonse, ndipo pakatipo pamatuluka wina wowonjezera wolembamo nyumba zatsopano ndi zimene zakulitsidwa. Ndikukayikira kuti tinyumba ta lendi tija ndi timene takukwezerani. Mwina mu 2019 bambo ankalipirira nyumba yaikulu yokha, tinato tisanalowe m'buku.

Nambala yachiwiri ndi imene anthu ambiri saidziwa, chikhalirecho ndi imene imasintha chaka ndi chaka. Imachokera m'bajeti. Khonsolo imayamba yawerengera zimene ikufuna kuchita chaka chikubweracho: malipiro a osesa ndi alonda a mumsika, dizilo wa galimoto yotola zinyalala, magetsi a mumsewu, ngalande, kugireda misewu ya fumbi. Kenako imaona ndalama zimene zibwere kuchokera kuboma, matikiti a mumsika amene inu mumadula m'mawa uliwonse, ndalama za padepoti, malayisensi a mabizinesi. Chimene chapereweracho ndiye amachigawa pa nyumba zonse za m'kaundula.

Ndipereke chitsanzo, manambalawa ndangopeka kuti mumvetse, musakawanene kuofesi. Tinene kuti zonse zitawerengedwa papereweka K250 miliyoni, ndipo nyumba ndi mapoloti onse a m'kaundula mtengo wake pamodzi ndi K50 biliyoni. Mukagawa mupeza K5 pa K1,000 iliyonse. Nyumba imene anailemba K14.8 miliyoni ilipira K74,000. Chaka chinacho dizilo akakwera, bajeti n'kufufuma, K5 ija ikhoza kukhala K6, bilu yanu n'kukwera inu musanakhome ngakhale msomali umodzi. Zenizeni zimakhala zopotana kuposa apa, chifukwa nyumba zogona, mashopu ndi malo a mafakitale sizilipira mofanana, koma msana wake ndi umenewu.

Amene amavomereza ndi makhansala. Akuluakulu a maofesi amakonza manambala, komiti ya zachuma n'kuwaunika, kenako khonsolo yonse imakhala pansi n'kuvota. Bajetiyo imakaonedwanso ndi National Local Government Finance Committee ku Lilongwe. Kuyambira 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, osati pa 1 Julaye monga tinazolowera ife akale. Ndiye kuti zokambiranazi zimachitika dzinja, mvula ili pakati, anthu a ku Kasungu mitima ili kumunda ndi kuzigafa. Bilu ikamafika pakhomo nkhani inatha kalekale.

Za ngongole ndikuuzani mosabisa: mareti amatsata nyumba, satsata munthu. Bambo anapita koma poloti ilipo. Mukangoisiya, chiwongoladzanja chimakwera mwezi ndi mwezi, ndipo ikafika zaka zambiri lamulo limalola khonsolo kupita kukhoti mpaka kugulitsa nyumbayo. Sizichitika msanga, koma musayese dala. Pitani ndi malisiti a mphira aja, mupemphe sitetimenti ya chaka ndi chaka, mupemphenso kuona tsamba la nyumba yanu m'kaundula. Muone ngati nambala ya poloti ndi yanudi, ngati kukula kwa nyumba kuli koona. Mukatero mukambirane zolipira pang'onopang'ono. Munthu wobwera yekha ndi kangachepe m'manja sitinkamubweza.

Wahadiweya pa M1

A Gogo afotokoza bwino, koma asiya mbali imene imandiwawa ine. Agawa K250 miliyoni ija "pa nyumba zonse za m'kaundula". Eya, za m'kaundula. Nanga zimene mulibemo?

Ine ndimagulitsa simenti ndi malata, ndiye ndimadziwa amene akumanga m'tauni muno kuposa wina aliyense. Pali kasitomala wanga, sinditchula dzina, wamanga chinyumba cha zipinda zisanu, matailosi mpaka kubafa, mpanda wa njerwa, geti lachitsulo. Tsiku lina tikucheza ndinadandaula za mareti, iye n'kuseka, akuti chimangire sanaonepo bilu chifukwa malo anagula kwa amfumu ndipo sanalembetse kulikonse. Zinyalala zake amataya kumene timataya tonse, galimoto yake imadutsa msewu womwewo. Ndiye denga limene tikanasenza anthu khumi tikusenza atatu, ndipo mmodzi mwa atatuwo ndi mayi wamasiye wa ku Chankhanga.

Ku Mzuzu anaiona nkhaniyi. Kuyambira cha mu 2013 anayenda mzinda wonse kulemba nyumba iliyonse, ndipo m'malo modikira katswiri kuti ayese imodziimodzi, anagwiritsa ntchito mapointi: kukula kwa nyumba, khoma la chiyani, denga la chiyani, kuli madzi ndi magetsi kapena ayi, msewu ndi wotani. Nyumba za m'kaundula zinachoka pa pafupifupi 10,000 kufika pafupifupi 40,000. Ine ndikanakhala khansala ndikanayambira pamenepo ndisanakhudze K5 ya a Gogo ija.

Komanso achemwali, musaiwale kuti K21,500 ya 2019 si K21,500 ya lero. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Inuyo chitenje mukugulitsa mtengo wa 2019? Ine thumba la simenti ndasintha mtengo pabolodi mpaka choko chinatha. Sindikuikira kumbuyo aliyense, mareti ndimalipira ndikung'ung'udza, koma galimoto ya zinyalala simwa madzi a m'damu la Chitete.

Mnyamata wa Lendi

Ine ndikungowerenga mwamantha. Landilodi akalandira bilu ngati imeneyi, mwezi wotsatira amabwera ndi nkhope yachisoni, "mwana wanga, zinthu zavuta." Mapeto ake mareti timalipira ndife a m'tinyumba ta kuserito, dzina lokha ndiye la eni ake. Mayi NaPhiri, chonde alendi anuwo muwachitire chifundo, muwauze kudakali miyezi iwiri.

NyaBanda Mphunzitsi

Ndiwonjezere ziwiri pa zimene anena a Gogo, chifukwa ife zinatigwera amalume atamwalira.

Musangolipira n'kusiya dzina la malemu pabilu. Zikuoneka zazing'ono lero, koma tsiku limene mudzafune kugulitsa, kutenga ngongole kubanki kapena kugawana ndi abale anu, mudzayenda mpaka nsapato kutha. Pamafunika kalata ya imfa ndi makalata osonyeza amene akuyang'anira chuma cha masiye. Lamulo lake ndi la 2011, ndipo limateteza mkazi wamasiye ndi ana, choncho amayi asaope achibale kapena wina aliyense. Yambirani kuofesi ya DC, akuuzani koyenera kupita malinga ndi kukula kwa chumacho. Ndipo mlongo wanu wa ku Lilongweyo asangolangiza pafoni. Nyumbayo ndi yakenso, atumize yake pa Mpamba kapena Airtel Money.

Chachiwiri, kudandaula kuli ndi nyengo yake ngati kubzala. Kaundula watsopano akatuluka amalengeza kuti anthu akaone, ndipo pamakhala masiku owerengeka oti munthu alembe kalata yotsutsa mtengo umene aikira nyumba yake. Masikuwo akadutsa, kukuwa pawindo sikuthandiza. Chimodzimodzi bajeti: misonkhano ya khonsolo yonse munthu wamba amaloledwa kukakhala n'kumamvera. Ine ndinapitako kamodzi, kunena zoona ndinkafuna kuonana ndi khansala wathu pa nkhani ina. Kumpando wa anthu wamba tinalipo atatu, wina anagona. Manambala amene tonse timadzatukwana nawo m'minibasi anadutsa pamaso pathu mphindi zochepa chabe.

Achinyamata mwina sakudziwa kuti dziko lino linakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka chisankho cha 2014. Zaka zonsezo kunalibe munthu wosankhidwa ndi ife woti n'kumufunsa za mareti. Pano alipo, amakhala m'dera lathu lomwelo, timakumana naye pamaliro ndi kutchalitchi. Mufunseni kuti pa bajeti ya chaka chino anavota bwanji, ndipo ward yanu yapatsidwa chiyani.

A Wahadiweya, pa za nyumba zosalembedwa ndikugwirizana nanu, koma samalani. Mukalemba aliyense mulembanso agogo a nyumba ya zidina amene tauni inawapeza ali pamudzi pawo. Amenewo simungawayese ndi muyeso wa kasitomala wanu wa matailosi.

Wahadiweya pa M1

Aphunzitsi, n'chifukwa chake ndatchula mapointi. Ya zidina ndi udzu ipeza mapointi ochepa, ilipira kangachepe. Chimene ndikukana n'choti wa geti lachitsulo abisale kumbuyo kwa agogowo.

NaPhiri wa Zitenje

Zikomo nonse, makamaka a Gogo. Ndinapita dzulo, benchi ndinasiyira mnzanga wa pambali. Ndinanyamula malisiti onse ndi mphira wake womwe, mpaka mayi wa pawindo anaseka, akuti bambo anu anali munthu wadongosolo.

A Gogo munalasa. Tinyumba ta kuseri tinalowa m'kaundula bambo atadwala kale, ndipo mabilu ankabwera ndithu. Nditafunsa amayi madzulo anakatulutsa ena atatu m'Baibulo lawo, pa Masalimo. Akuti ankaona dzina la malemu n'kumangosunga, osafuna kundivutitsa. Sindinawakalipire, ndikanayambira pati.

Ndalipira K74,000 ya chaka chino, ndalama imene ndimati ndikaodere zitenje ku Lilongwe. Yotsalayo tagwirizana kuti ndizipereka mwezi ndi mwezi, ndipo andiuza kuti ndilembe kalata yopempha kuti aonenso za chiwongoladzanja, ngakhale sanalonjeze kanthu. Mlongo wanga nditamutumizira chithunzi cha sitetimenti wangoyankha kuti "ndaona". Mnyamata wa Lendi, alendi anga sindinawauze kanthu panobe, mmodzi mkazi wake wangochira kumene.

Aphunzitsi, za kusintha dzinazo ndiyamba mwezi wamawa. Kodi kalata ya imfa ija imafunika yeniyeni kapena fotokope imakwana? Yathu inanyowa ndi mvula pakona, chidindo chikuoneka theka.