Mwana wanga akufuna kufufuza za kadyedwe kathu

Bambo wa ku Dedza: Mwana wanga wamkazi akuti aphunzire anthropology (maphunziro a chikhalidwe cha anthu), azifufuza momwe chigayo chinasinthira kadyedwe kathu. Abale, ntchito imeneyi ingamudyetse munthu?

Mphunzitsi wopuma: Bambo, musamuletse. Audrey Richards, katswiri wa anthropology, anakhala pakati pa Abemba ku Zambia m'zaka za m'ma 1930, akufufuza za chitemene (ulimi wodula mitengo n'kuotcha nthambi zake kuti phulusa likhale manyowa) ndi mawere. Anaona kuti amuna akapita kumigodi, odula mitengo amasowa, chakudya n'kuchepa pakhomo. Ofufuza amawerengabe zimene analemba mpaka lero.

Mayi wa ku Zomba: Ine ndinakula ndikukonola pamtondo, manja ali matuza okhaokha. Chigayo chitabwera tinapuma ndithu, koma nyimbo zathu zapamtondo zinatheranso pomwepo. Mwanayo abwere, ndidzamuimbire.

Bambo wa ku Dedza: Zikomo amayi, ndimuuza madzulo ano.