Celica kapena Integra, kuno kwa Nchalo ndigule iti?

Moni nonse abale, ndithandizeni maganizo mutu waima. Ndapeza magalimoto awiri ku Blantyre, Toyota Celica ya 2002 ya injini ya 1ZZ 1.8 ndi Honda Integra DC5 ya 2003 ya injini ya K20A, onse a manyuwo, mitengo sikusiyana kwenikweni.

Onse ndawayesa Loweruka. Integra imathamanga bwino ndipo mtima wanga uli kumeneko, koma poliza mmawa imachita kaphokoso pang'ono kenako nkusiya. Celica ili phee, kungoti eyakoni sikuzizira, ndiye ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala mukudziwa nokha. Makaniko wanga akuti tenga Celica poti injiniyo ndi yomwe ili mu ma Corolla ena ndi Wish, masipeya ku Limbe ndi mbwee, pomwe mlamu wanga akuti Honda siifa, basi wina uku wina uku. Ndafunsanso mashopu atatu za mashokapu a Integra, onse akuti mpaka kuitanitsa.

Ndimakwera Thabwa kawiri pa sabata, komanso kwathu ku Ngabu kuli kamsewu kafumbi kamene galimoto yotsika imakhula pansi. Alipo anayendetsapo imodzi mwa ziwirizi kuno ku chigwa? Pokwera phiri masana siitentha injini? Inuyo mukanatenga iti?