Za kuiwala kwa Agogo ku Jali

Malume, Chinamwali: Abale nonse, ndinali ku Jali Loweruka ndipo ndinapeza kuti kuiwala kwa Amayi kwafika povuta. Anathira mchere kawiri m'ndiwo za matemba, kenaka anandiitana ndi dzina la malemu Bambo. Lachinayi anasokera pochokera kuchigayo, mpaka mnyamata wa kabaza ndiye anawabweretsa dzuwa litalowa.

Amayi Aang'ono, Matawale: Achimwene, zimenezi zikundiopsa chifukwa akulu awo a Amayi anachitanso chimodzimodzi asanatisiye. Kodi si matenda akumtundu amene tonsefe tikuwadikira? Tiuze iwe Chisomo, popeza ndiwe namwino.

Chisomo: Amayi Aang'ono, mtima ukhale m'malo. Matenda a Alzheimer, amene ndiwo amachititsa kuiwala kotere mwa okalamba ambiri, amagwirizanadi pang'ono ndi chibadwa. Pali kambewu ka chibadwa kotchedwa APOE4 kamene kamawonjezera chiopsezo, makamaka kwa munthu amene wakatengera kwa bambo ndi mayi omwe, koma ambiri amene ali nako amakalamba nzeru zili bwinobwino, ndipo ena amadwala alibe n'komwe. Mtundu umene umayendadi m'banja mosaphonya ndi wosowa kwambiri, ndipo kawirikawiri umayamba munthu asanakwanitse zaka 65. Agogo ali ndi zaka 81, choncho chachikulu pano ndi ukalamba. Chimene ndikupempha n'chakuti inuyo ndi Amalume muziyezetsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga, chifukwa ziwirizi zikalekereredwa zimawononga timitsempha ta muubongo. Amalume, fodya uja nayenso ali m'gulu lomweli, mundikhululukire kunena pagulu.

Malume, Chinamwali: Ndamva, mphwanga. Chimene chikundisowetsa tulo ndi malilime a pamudzi, pakuti ena ayamba kale kunong'ona za ufiti atawaona Amayi akuyenda usiku. Mawa ndikaonana ndi a mfumu kuti adziwe kuti amenewa ndi matenda.

Chisomo: Tiwatengere ku Zomba Central Hospital Lachiwiri kuti madokotala aone kaye ngati palibe vuto lina lochizika limene likuwasokoneza, ndipo akaona kuti n'koyenera adzatitumiza ku Zomba Mental Hospital. Musaiwale buku lawo lakuchipatala.

Amayi Aang'ono, Matawale: Ine ndipita Lolemba kukagona komweko kuti tidzalawirire. Aliyense atumize K15,000 pa Mpamba kwa Achimwene lisanafike Lamulungu, yolipirira galimoto, chifukwa pa minibasi Amayi sangapirire. Nkhani yoti azikhala ndi ndani tidzakambirane tikamva zotsatira.