Bawuti yadukira m'kati pa injini ya boti, ndichite bwanji?

Msodzi wa ku Senga Bay:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi injini ya boti ya mahosipawa 15 imene ndinagula kwa munthu zaka zitatu zapitazo. Lachiwiri tikuchokera ku usipa ndinaona kuti yasiya kukodza, timadzi toziziritsa injini tikungodontha. Ndinatokosa kabowoko ndi waya, osasintha, ndiye ndinadziwa kuti impela, kampira ka mapiko kopopa madziwo, yatha. Dzulo ndatsitsa mwendo wa pansi wa injiniyo bwinobwino, koma pomasula chivindikiro cha pampu ya madzi, mabawuti atatu anatuluka, yachinayi n'kukana. Apa mpamene ndinapusa: ndinalowetsa paipi ku sipanala 10 kuti mphamvu ichuluke. Ndinangomva kuti thyo, mutu wa bawuti uli m'manja. Chotsalacho chatulukira pang'ono, msinkhu wa njere ya chimanga, ndipo m'mbali mwake muli ufa woyera ngati phulusa.

Mwezi ukulowa mumdima, anyamata anga asanu akungosewera bawo pagombe. Alamu anga akuti ndikagule easy-out, kachitsulo kozulira bawuti yoduka, ku Salima. Imagwiradi?

Makaniko wa ku Monkey Bay:

Achimwene, easy-out muisiye kaye m'sitolo momwemo. Ufa woyerawo ndi aluminiyamu wodyeka. Bawuti ndi yachitsulo, nyumba yake ndi ya aluminiyamu, ndipo ziwirizi zikakhalitsa m'madzi ufawo umadzaza m'mazinga n'kuuma ngati simenti. Chimene chagonjetsa bawuti yathunthu sichingagonje kwa kachitsulo kowonda kolowetsa m'kati mwake. Komanso easy-out ndi yolimba kuposa dirilo wamba, ikathyokera momwemo simuboolanso. Mwendo wotere ndinaulandirapo, unanditengera masiku awiri.

Mwayi wanu ngwakuti kachitsa katulukira. Nyamulani mwendowo, mupite nawo kwa wowotcherera wa dzanja labwino, osati wongozolowera mageti. Aike washala pakachitsapo, awotcherere, kenako nati pamwamba pa washalayo, adzaze m'kati mwa natiyo. Ndodo ya chitsulo siigwira aluminiyamu, musaope. Kutenthako ndiye mankhwala enieni, kumaswa ufa uja. Dikirani kufiira kuthe, ndiye muyambe ndi sipanala yaifupi: kumanga pang'ono, kumasula pang'ono, kumanga, kumasula. Natiyo ikaduka, awotcherere ina. Nthawi zina imatuluka ulendo wachitatu.

Shafiti ndi masilo a pansi pa pampu muzikulunge ndi chisanza chonyowa. Nthethe imodzi yokha pa silo, madzi ayamba kulowa mu oyilo wa giya.

Gogo wa ku Nkhotakota:

Mwana wanga, kwathu kuno magetsi ali kutali, ndiye ife timadalira kudekha. Thirani dizilo pakachitsapo m'mawa ndi madzulo, masiku awiri, uku mukugogoda pamwamba pake ndi kahamala pang'onopang'ono ngati mukuswa mtedza. Mukatero palani mbali ziwiri ndi fayilo kuti vayisi giripu ilume bwino. Ena amathira mafuta a buleki. Ine zimandithandiza, kungoti anyamata a masiku ano mumafuna nsomba ipse musanakoleze moto.

Makaniko wa ku Monkey Bay:

Agogo anena zoona, dizilo ndi kugogoda ziyambe lero lomwe. Mafuta a buleki okha ayi, amasupula penti ndipo amafufumitsa masilo. China, wina asakunamizeni kuti muwotche ndi gasi mpaka pafiire. Aluminiyamu safiira, amangokhala phee, akafika madigiri 660 mumangoona wayenderera.

Mayi mwini maboti ku Mangochi:

Bambo, bawuti yanga inadukira m'kati mwenimweni, yosagwirika. Makaniko wanga anakhoma panchi pakati penipeni, n'kuyamba ndi dirilo wa 3 mm, kenako 5 mm popeza bawuti ya sipanala 10 kawirikawiri ndi M6, n'kutsuka mazinga ndi tapu, kachitsulo kodulira mazinga. Ndinaimirira pomwepo, ndinaona mmene thukuta limatsikira, chifukwa dirilo amathawa chitsulo n'kuthamangira ku aluminiyamu wofewa. Mazinga anawonongekabe pang'ono, anaikamo helicoil, kawaya kopota kolowa m'malo mwa mazinga, mpaka pano ikugwira. Koma ndikufunseni: impela yakaleyo mapiko ake onse alipo? Yanga awiri anathothoka, kachidutswa kena tinakapeza m'paipi yokwezera madzi titamanga kale zonse.

Msodzi wa ku Senga Bay:

Zikomo nonse, yatuluka! Dizilo ndinathira usiku umodzi wokha, agogo mundikhululukire. Nati yoyamba inaduka, yachiwiri inalira kuti kwii n'kuyamba kusuntha. Bawutiyo yatuluka yoyera mbee, theka la mazinga litadyeka. Ndagula zinayi zatsopano, ndapaka girizi iliyonse, ndamanga ndi dzanja limodzi. Mayi a ku Mangochi, phiko limodzi linasowadi, ndalipeza litatsekera pakamwa pa paipi. Panopa injini ikukodza mpaka kunyowetsa wokhala kumbuyo. Paipi ya ku sipanala ija alamu anga aitenga, akuti akakhomera khola la nkhunda. Tikulowa m'madzi madzulo ano ngati mwera ulola.